Dizilo, njinga yamoto ndi liwiro limene thupi limamva

Pakati pa anthu okonda zoyendera injini pali mkangano umene sukalamba, ndipo umabuka paliponse pamene anthu a mtima umenewu apeza mpata wokhala pansi, kaya ndi pamalo otsukira galimoto Loweruka masana, m'magalaja a ku Ndirande ndi ku Biwi, kapena pamzere wa mafuta dzuwa likuswa mtengo. Mwini galimoto ya dizilo amanena kuti palibe chokoma choposa kuponda moto pakati pa chitunda n'kumva chigalimoto cholemera matani awiri chikumukankha pamsana mosadandaula. Wa njinga yamoto amangoseka, n'kuyankha kuti munthu amene wadzitsekera m'magalasi, wailesi ikulira, kamphepo kozizira kakumupepesa kumaso, alibe chimene angauze anzake pa nkhani ya liwiro. Onse awiri amanena zoona, koma sakamba chinthu chimodzi, n'chifukwa chake amabalalika wina asanagonje. Ine ndayendetsako zonse ziwiri, ndipo ndimakhulupirira kuti nambala imene muvi wa sipidomita umaloza ili ndi gawo lochepa zedi pa kukoma kumene anthuwa akulimbirana.

Thupi la munthu silimva liwiro lokhazikika. Amene anakwerapo ndege kuchokera ku Chileka kupita ku Johannesburg akudziwa kuti ikafika m'mwamba, pa liwiro loposa makilomita 800 pa ola, munthu amamwa tiyi osatayikira pamalaya, ena mpaka amaliza mkonono. Mtima umadumpha pokhapo pamene ndegeyo ikuthamanga pansi kuti inyamuke, nthawi imene liwiro lake silinafike n'komwe theka la limene idzakhale nalo kumwambako. Chifukwa chake chili m'kati mwa khutu, mmene muli timachubu ta madzi ndi timiyala ting'onoting'ono timene timasuntha thupi likamawonjezera liwiro, likamachepetsa, kapena likamakhota. Liwiro likangokhazikika tiziwalo timeneti timakhala chete, ndipo ubongo umatsala ndi mboni zina: maso amene akuona mitengo ikuthawira kumbuyo, makutu amene akumva injini ndi mphepo, khungu ndi mafupa zimene zikumva kunjenjemera. Makina aliwonse amalankhula ndi mboni zimenezi mwa njira yawoyawo, ena mofuula, ena monong'ona, ndipo chimene woyendetsa amachitcha liwiro n'chimene mbonizo zamuuza, ngakhale chitasiyana kutali ndi chimene chikuchitika pa phula.

Kuti timvetse chimene wa dizilo amakonda tiyenera kuona mmene injini yake imagwirira ntchito. Rudolf Diesel analembetsa luso lake ku Germany mu 1893, ndipo injini yake yoyamba kugwira ntchito mokhutiritsa inazungulira mumzinda wa Augsburg mu 1897. Mfundo yake sinasinthe mpaka lero. Injini ya petulo imasakaniza mafuta ndi mpweya kenako pulagi imayatsa moto, pamene ya dizilo ilibe pulagi yoyatsira. Pisitoni imapanikiza mpweya wokhawokha n'kuuchepetsa ka 15 kapena kuposa apo, mpweyawo umatentha kupitirira madigiri 500, ndipo mafuta akapoperedwamo amayaka okha. Kupanikiza kotereku kumafuna zitsulo zochindikala ndi zolemera, komanso mafutawo amafuna kanthawi kuti asakanikirane ndi mpweya asanayake, motero injini ya dizilo singazungulire mofulumira kwambiri. Zambiri za m'galimoto zimene timaziona m'misewu mwathu muno zimathera pa kuzungulira cha m'ma ka 4,500 pa mphindi. Komabe kuzungulira kulikonse kumabwera ndi nkhonya yolemera, ndipo nkhonya imeneyi imapezeka injini ikadali m'munsi, isanayambe kufuula.

Apa mpamene amakaniko amasiyanitsa zinthu ziwiri zimene okangana aja amaziphatikiza. Taganizirani amayi awiri akukonola chimanga, wina ali ndi musi wolemera umene akuugwetsa mosapupuluma, wina ali ndi musi wopepuka umene akuugwetsa mofulumira kwambiri. Kulemera kwa kugunda kumodzi ndiyo torque, pamene kuchuluka kwa mphale imene yatuluka pakutha pa ola ndiyo mphamvu yonse ya injini, imene imalembedwa m'makilowati kapena m'mahatchi. Toyota Hilux ya malita 2.8 yosintha yokha magiya, monga inakonzedwera kuyambira mu 2020, imapereka torque ya 500 Nm (Nm ndiwo muyeso wa torque) injini itangofika pa kuzungulira ka 1,600 pa mphindi, ndipo mphamvu yake yonse ndi makilowati 150. Njinga ya Suzuki Hayabusa imene inatuluka mu 1999 sifika ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo atatu a torque imeneyo, koma injini yake imazungulira kufika cha m'ma 10,000 pa mphindi, ndipo potero imatulutsa makilowati pafupifupi 130. Mphamvu zawo n'zoyandikana, kusiyana kuli pa katundu amene mphamvuzo zasenza. Kilowati iliyonse ya Hilux imakoka makilogalamu pafupifupi 14, pamene ya njinga ija, kuwerengera ndi wokwerayo yemwe, imakoka osafika 3.

Tikanakhala kuti tikungofuna kudziwa chimene chingafike msanga pa mzere, nkhani ikanathera pomwepa, chifukwa njinga yotereyi imachoka poima n'kufika pa makilomita 100 pa ola m'masekondi pafupifupi 3, pamene Hilux imafuna cha m'ma 10. Wa dizilo amazidziwa zimenezi ndipo sizimudetsa nkhawa, popeza chimene iye amakonda chimapezeka pachitunda. Munthu akawoloka mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, m'chigwa cha Shire mmene kutentha kumachititsa phula kuoneka ngati lanyowa, amayenda pang'ono pamalo athyathyathya kufika pa Thabwa, ndipo kuyambira pamenepo msewu umapiringizika kukwera mamita oposa 800 mpaka ku Blantyre. M'kagalimoto ka petulo konyamula anthu asanu ndi thumba la mpunga kubuti, dzanja la woyendetsa silichoka pa giya, injini imafuula, ndipo maso amangokhala pa muvi wa kutentha. M'dizilo ya tabo, kachipangizo kozunguzidwa ndi utsi kamene kamapanikizira mpweya wambiri mu injini, zinthu n'zina. Potuluka pakona muvi wa kuzungulira kwa injini uli pa 1,500, phazi limatsika pang'ono, pamakhala kamphindi kopanda kanthu pamene utsi ukuyamba kuzunguza tabo, kenako kamluzu kamamveka chapansipansi ndipo mpando umadzaza msana wonse. Lole ya shuga wa ku Nchalo imene imakwawa patsogolo imatsala m'galasi loonera kumbuyo giya isanasinthidwe. Liwiro lake mwina silinapose 70, koma woyendetsayo wamva mphamvu yonse m'chiuno mwake.

Mapiri athu amakondera tabo pa chifukwa chinanso. Mpweya umachepa munthu akamakwera, ndipo injini yopanda tabo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake pa mamita 1,000 aliwonse. Kagalimoto kamene kamadumphadumpha ku Nsanje kamafika ku Dedza, pamtunda wa mamita cha m'ma 1,600, katafooka ndithu, pamene injini ya tabo imadzipanikizira yokha mpweya umene ukuchepawo.

Achikulire amakumbukira kuti dizilo sinali yotere kale. Inali ya mabasi, mathirakitala ndi malole, yaphokoso, yautsi, yochedwa kudzuka m'mawa wa mu June. Land Cruiser ya injini ya 1HZ, imene yanyamula odwala ndi ogwira ntchito m'mabungwe m'misewu yafumbi ya dziko lino kwa zaka zambiri, ili ndi masilinda 6 ndi malita 4.2 koma imapereka makilowati 96 okha, ndipo anthu amailemekeza chifukwa chosafa msanga, palibe amene anaigula kuti azipikisana nayo. Chimene chinasintha mbiri ya dizilo ndi tabo pamodzi ndi njira yopopera mafuta yotchedwa common rail, imene inayamba kuoneka m'galimoto za anthu wamba mu 1997 pa Alfa Romeo 156. M'njira imeneyi mafuta amasungidwa mumpope umodzi atapanikizidwa koopsa, masiku ano kufika pa ma bar 2,000 kapena kuposa (bar ndiwo muyeso wa kupanikizika), ndipo kompyuta imatsegula manozo, tizipangizo topopera mafuta m'masilinda, kangapo pa kuyaka kumodzi, kuyamba ndi kadontho kotsogolera kenako mafuta enieniwo. Kadontho kotsogolerako n'kamene kanachotsa kugogoda kwa dizilo yakale. Injini inakhala yamphamvu, komanso inakhala yachete, ndipo kukhala chete kumeneku n'kumene kuli ndi vuto limene ndilifotokoze patsogolopa.

Wa dizilo akapanikizidwa pa mkangano amathawira ku Le Mans, ndipo ali ndi chifukwa. Mu 2006 galimoto ya Audi R10 TDI inakhala ya dizilo yoyamba kupambana mpikisano wa maola 24 umenewu ku France, mu 2009 inapambana Peugeot 908 ya dizilonso, ndipo kuyambira 2006 mpaka 2014 palibe chaka chimene galimoto ya petulo inatenga chikhocho. Mu 2006 momwemo Andy Green anayendetsa galimoto ya dizilo yotchedwa JCB Dieselmax pa chipululu cha mchere cha Bonneville ku America pa liwiro la makilomita 563 pa ola, ndi injini ziwiri zochokera ku mtundu wa injini za makina okumbira nthaka. Koma tikayang'anitsitsa, Audi ija inkapambana kwambiri chifukwa chotuluka pakona mwamphamvu ndi kuyenda mtunda wautali isanaime kuti imwe mafuta, ndipo inatchuka ndi kudutsa anthu oonerera mwakachetechete poyerekeza ndi zinzake za petulo. Ulemu wa dizilo unadzathimbirira mu September 2015, pamene zinaululika kuti kampani ya Volkswagen inaika m'galimoto zake pulogalamu yonamiza oyeza utsi. Nkhani imeneyi okonda dizilo saitchula kawirikawiri.

Chofooka cha dizilo pa nkhani ya kukoma n'chakuti nkhonya yake imatha msanga. Imabwera yonse pakamodzi, imakhalapo kanthawi, ndipo muvi ukamayandikira 4,000 imazilala, giya ina n'kulowa, n'kuyambiranso. Achinyamata ena pofuna kuonjezera amapita kukasinthitsa pulogalamu ya kompyuta kapena kukatsegulitsa pampu, n'kumanyadira chiutsi chakuda chimene chimatuluka akaponda moto. Utsi wakuda ndi mafuta amene sanapse bwino, ndalama zimene zatulukira ku ekizozi n'kukathera m'mapapo mwa munthu wa panjinga yakapalasa amene ali kumbuyo, ndipo sindinamvetsepo chimene chili chonyaditsa pamenepo.

Njinga yamoto yaikulu imachita zosemphana ndi zimenezi. M'munsi imakhala yofatsa, mwina mpaka munthu kuiderera, koma dzanja likamapotokola chigwiriro mphamvu imakulirakulira pamodzi ndi kulira kwa injini, ndipo pamene dizilo ikanakhala itatha mpweya, njinga imakhala isanafike n'komwe pakati pa ulendo wake. Zina za 600 cc zimazungulira kupitirira 14,000 pa mphindi. Khutu la m'kati lija limamva kukankha kumene sikukutha, khutu lakunja limamva liwu likukwera, ndipo pamwamba pa zonsezi pali mphepo. Kukankha kwa mphepo sikukula mofanana ndi liwiro, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri mphepo imakankha kanayi, choncho chimene chinali kamphepo kokoma pa 60 chimasanduka dzanja lolemera pachifuwa pa 120. Helimeti imayamba kukokera mutu kumbuyo, khosi limauma, jekete limawomba m'nthiti, ndipo kachilombo kakang'ono kakagunda pamene pali khungu lapoyera kamaluma ngati mwala. Hayabusa itapitirira makilomita 300 pa ola, makampani akuluakulu opanga njinga anagwirizana kuti njinga zawo zizithera pa 299, poopa kuti maboma a ku Ulaya angakhazikitse malamulo okhwima. Nambala imeneyi achinyamata amaitchula mwaulemu waukulu, koma wokwera njinga wozindikira sakhalitsa pa nkhaniyi.

Iye amakamba za makona. Galimoto ikamakhota imaponyera thupi kunja kwa kona, munthu n'kumadzigwiriza ku chiwongolero, pamene njinga imapendekeka pamodzi ndi wokwerayo kulowa m'konamo, ndipo mphamvu imene ikanamuponyera kumbali imamukanikizira pampando. Chodabwitsa n'chakuti njinga ikakhala pa liwiro, kuti ikhotere kumanja wokwera amakankhira kutsogolo pang'ono chigwiriro cha kumanja komweko, tayala lakutsogolo limayang'ana kumanzere kwa kamphindi, njinga n'kugwera kumanja. Ambiri amachita zimenezi osadziwa kuti akuzichita. Msewu wa Khwekhwerere, umene umakwera kuchokera ku Golomoti kupita kumapiri a Dedza, ndi malo amene zimenezi zimamveka bwino. Munthu amachepetsa liwiro asanalowe pakona, amatembenuza mutu kuyang'ana kumene akufuna kukatulukira osati kuphompho kumene akuopa, amagonetsa njinga, bondo n'kuyandikira phula, kenako amatsegula moto pang'onopang'ono njinga n'kudzuka yokha. Mpweya umasintha pakhungu pamene akukwera, kuchoka ku kutentha kwa kunyanja kufika ku kuzizira kwa kumtunda, ndipo fungo la utsi wa makala kapena la nthaka yonyowa limalowa m'helimeti. Pa ulendo wonsewo muvi mwina sudutsa 80, ndipo palibe amene amakhala ndi mpata wouyang'ana.

Komatu njinga zambiri za m'dziko muno si za mtundu umenewo. Ndi za kabaza, za 125 kapena 150 cc, zamphamvu ya mahatchi khumi ndi pang'ono, zimene zikakakamizidwa kwambiri zimangofika cha m'ma 100. Umboni waukulu wa mfundo yanga uli pa njinga zimenezi. Munthu amene wakhala kumbuyo kwa mnyamata wa kabaza, manja atagwira kariya, mawondo akupyola pafupi ndi nthiti za minibasi, misozi ikutuluka chifukwa cha mphepo, tayala lakumbuyo likudumpha pa bampu iliyonse, amamva liwiro lalikulu pa 60 kuposa limene bwana wa mu Fortuner amamva pa 130. Ndinamvapo mayi wina wachikulire akumenya mnyamata wotere paphewa n'kunena kuti, "Mwanawe, chepetsa moto, ine sindikuthamangira maliro anga," pamene njingayo inkapitiriridwa ndi galimoto iliyonse mumsewumo. Mayiwo sankalakwitsa. Mboni zawo zonse zinkafuula, ndipo zinkanena zoona za chimene chikanachitikira mafupa awo njingayo ikanaterereka.

Dizilo yamakono imachita zosiyana, imatseka pakamwa mboni zonse. Pa giya yomaliza, pa makilomita 120 pa ola, injini imangong'ung'udza cha m'ma 2,000 pa mphindi. Woyendetsa wakhala pamwamba, kutali ndi phula, ndipo munthu akakwezeka maso ake amaona ngati nthaka ikuyenda pang'onopang'ono. Magalasi atsekedwa, masipuling'i ameza mabampu, matayala akuluakulu akudutsa timaenje osamveka. Kuonjezera apo ubongo umazolowera, moti munthu amene wayenda pa 120 kwa ola lathunthu akatsika kufika pa 80 amamva ngati akukwawa, n'kumaganiza kuti wamvera chikwangwani cha 50. Msewu wa M1 umadutsa pakati penipeni pa misika, pa Lunzu, pa Kampepuza, pa Lizulu, pa Nathenje, ndipo pa Lizulu tsiku la msika milu ya mbatatesi, kabichi ndi tomato imafika m'mphepete mwenimweni mwa phula, ana akudumpha msewu kuthamangira basi imene yaima tsidya linalo. Pamalo ngati amenewa liwiro limene woyendetsa sakulimva amalimva ndi mayi wogulitsa tomato, amene chitenje chake chimakupizidwa galimoto ikadutsa, ndi bambo wa njinga yakapalasa yosenza matumba a makala, amene amagwedezeka mpaka kutsikira kufumbi. Ichi n'chimene ndimawatsutsa nacho anzanga a dizilo, ngakhale kuti inenso ndimakonda kukoka kwa galimoto zawo. Njinga imaopseza mwini wake, pamene chigalimoto chachikulu chimatonthoza mwini wake n'kuopseza anthu ena.

Masamu ake ndi osavuta. Pa makilomita 120 pa ola galimoto imadutsa mamita 33 pa sekondi iliyonse, kutanthauza kuti imamaliza bwalo la mpira m'masekondi atatu. Diso likaona mwana mumsewu pamapita sekondi imodzi kapena kuposa phazi lisanafike pa buleki, ndipo mabuleki akagwira, mtunda woimira umakula mofanana ndi mphepo ija, kanayi liwiro likawirikiza kawiri. Pa phula louma, ndi matayala abwino, galimoto ya pa 50 imaima isanathe mamita 30 kuwerengera ndi sekondi yoganizira ija, pamene ya pa 120 imafuna mamita oposa 100. Torque ya 500 Nm ilibe gawo lililonse pa masamu amenewa, ndipo chitsulo chotchingira kutsogolo chimene ambiri amamangirira pa mabampala chimateteza rediyeta, osati munthu woyenda pansi.

Izi sizikutanthauza kuti wa njinga ndiye wanzeru. Kumva liwiro sikuteteza munthu ku liwirolo, ndipo ena kumvako n'kumene kumawaledzeretsa. Njinga siima msanga kuposa galimoto monga ambiri amaganizira, chifukwa malo a tayala lake amene amakhudza phula ndi ochepa kuposa chikhatho, ndipo kumanga buleki mwamphamvu njinga itapendekeka kumafuna luso limene ambiri alibe. Kamchenga kamene mvula yakokolera pakona, mbuzi yodumpha mwadzidzidzi, dzenje lobisika mumthunzi wa mtengo, kapena dizilo amene lole yadontheza pokwera chitunda, chilichonse mwa zimenezi chimene galimoto ikanangochidutsa chimagwetsa njinga. Ku America, kumene amawerengera ngozi molingana ndi mtunda woyendedwa, amapeza kuti wokwera njinga yamoto ali pa chiopsezo cha imfa choposa ka 20 poyerekeza ndi wokwera galimoto. Ngakhale akatswiri sapulumuka. Mpikisano wa njinga zamoto wotchedwa TT pa chilumba cha Isle of Man, pakati pa Britain ndi Ireland, umene unayamba mu 1907, umachitikira m'misewu ya anthu wamba yotalika makilomita 60, pakati pa makoma amiyala ndi nyumba, ndipo mu 2023 Peter Hickman anazungulira njira imeneyi pa liwiro la makilomita 219 pa ola tikaphatikiza makona onse. Pa njira yomweyo pafa okwera njinga oposa 250. Kwathu kuno sitifunika kupita kutali chotero, aliyense amene anakazondapo wodwala ku wodi ya mafupa m'zipatala zikuluzikulu anaona kuchuluka kwa miyendo imene yathyokera pa kabaza, ndipo ambiri mwa okwerawo analibe helimeti, kapena anali nayo yosamanga lamba.

Makaniko wina wachikulire amene ndimakonzetsako galimoto amakonda kudula mkangano umenewu ndi mawu akale akuti kuthamanga si kufika, ndipo anyamata amamuyankha kuti, "Madala, inu nthawi yanu inatha." Ine sindikhulupirira kuti mwambi ungachotse phazi la munthu pa moto, koma wotchi imawaikira kumbuyo madalawo. Kuchokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe kudzera pa Zalewa ndi makilomita opitirira pang'ono 300. Wokhazikika pa 100 angatenge maola atatu, wokhazikika pa 120 maola awiri ndi theka, ndipo theka la ola limenelo limapezeka papepala pokha, chifukwa mumsewu weniweni muli marodibuloko, misika, malole oyenda mondondozana pa zitunda za Ntcheu, ndi apolisi apamsewu amene amaima ndi kamera pamalo amene munthu sakuwayembekezera. Kawirikawiri amene anakupitirira mwaukali pa Chingeni umakamupeza ataima pa Dedza, ndipo thanki yake yatsika kuposa yako.

Thumba nalonso lili ndi mawu ake, ngakhale kuti pokangana anthu amachita ngati mafuta amatungidwa pachitsime. Dizilo imayenda mtunda wautali pa lita imodzi kuposa petulo ya kukula kofanana, koma manozo a common rail ndi osakhwima m'mimba. Mafuta ogulidwa m'zigubu nthawi ya kusowa, amene mwina alowa madzi kapena asakanizidwa ndi palafini, amatha kuwononga manozo ndi pampu pa ndalama zimene zikanagula njinga ya kabaza yatsopano. Galimoto za dizilo zochokera ku Britain zimabwera ndi sefa ya mwaye mu ekizozi, imene imadziyeretsa yokha galimoto ikayenda ulendo wautali injini itatentha, koma imatsekeka ikamangozungulira m'tauni. Njinga yaikulu nayo imadya tayala lakumbuyo mofulumira modabwitsa, tcheni chake chimafuna kudzozedwa ndi kukungidwa, ndipo zovala zoyenera, helimeti yeniyeni, jekete lokhala ndi zotetezera, magolovesi ndi nsapato zophimba akakolo, zimadula kuposa mmene wogula njinga koyamba amaganizira, n'chifukwa chake ambiri amazisiya n'kumakwera atavala malaya a ku ofesi.

Amene akufunadi kudziwa pamene makina awo amathera ali ndi malo ake, ndipo abale athu okhala ku South Africa ali nawo pafupi. Mabwalo a mpikisano ngati Kyalami, kufupi ndi Johannesburg, ndi Killarney ku Cape Town amakhala ndi masiku amene munthu wamba amalipira n'kulowa ndi galimoto kapena njinga yake, onse akulowera mbali imodzi, popanda mbuzi kapena minibasi yoima pakona, ambulansi ili chire. Kumeneko wa njinga amazindikira kuti mumsewu ankagwiritsa ntchito kagawo kochepa ka zimene tayala lake lingathe, ndiponso kuti wokwera waluso pa njinga yaing'ono amamupitirira pakona iliyonse ngakhale iye amuthawe pamalo owongoka. Wa dizilo amakumana koyamba ndi kulemera kwa galimoto yake, kumene injini inkamubisira nthawi yonseyi. Akazungulira kangapo mabuleki amayamba kununkha, chopondera chimafewa n'kumalowa pansi, matayala akutsogolo amalira n'kumakana kukhota, ndipo matani awiri aja amafuna kupitirira molunjika pamene msewu wapinda. Akabwerera kwa makaniko wake, funso loyamba silikhalanso la kuonjezera mphamvu ya injini, amafunsa mtengo wa mapadi olimba ndi mafuta a mabuleki opirira kutentha.